Ziro, Sikisi, Nyenyezi Zitatu

Mzere umodzi basi. Ndinaulemba chaka chatha
mu ofesi yathu ya pa Ginnery Corner, fani ikulira.
Tanthauzo lake: tsiku lililonse sikisi koloko m'mawa,
kaya kwagwa chiperoni, kaya ndi dzuwa la Okutobala,
seva idzuke, itole mayina a odwala shuga ndi mtima,
iwandandalike pamzere, aliyense alandire mawu ake:
"Mwadzuka bwanji. Musaiwale kumwa mankhwala."

Ntchito zinanso zili ndi nthawi zake.
Ya malisiti imanyamuka mphindi khumi ndi zisanu zilizonse
ngati minibasi ya ku Limbe, kungoti iyi sidikira kudzaza.
Ya lipoti la bwana Chipofya imagona mpaka Lolemba.
Yosesa zinyalala imayenda pakati pa usiku
alonda a m'tauni akuwotha moto wa makatoni.

Sizikankhana. Yofika msanga ndiyo ithandizidwa msanga,
zimene sindinazionepo pamzere wa mafuta.
Ikalephera imabwerera kumbuyo osanyinyirika,
kuyesanso katatu, kenaka kukakhala pambali
kudikira ine ndi kapu yanga ya tiyi.

Magetsi atathima masiku awiri aja, jenereta itauma kukhosi,
mzere unafika zikwi zinayi.
Atangoyaka, mayi wina wa ku Bangwe
analandira uthenga kasanu n'kawiri, naimba foni:
"Kodi inu, mukufuna ndimwe botolo lonse?"
Ndinakonza. Tsopano uthenga wa dzulo umafera dzulo lomwelo.

Koma pali nambala imodzi yomwe sindinaikhudze.
Poyesa pulogalamu ndinkafuna foni yeniyeni,
ndiye ndinaikapo ya achimwene anga a Waisoni ku Chilomoni.
Ankayankha ndithu: "Ndamwa kale, iwe kompyuta."
Tinawaika m'manda mu Epulo.
Foni yawo ili m'dirowa mwa alamu, pansi pa makhadi a kuchipatala.
M'mawa uliwonse dzina lawo limaima pamzere ndi anzawo,
limasendera, limasendera, lifika kutsogolo,
ndipo sikirini imalemba mobiriwira: zatheka.

Kufufuta n'kosavuta, batani limodzi.
Lero ndinayandikizanso chala,
Thokozire anafunsa za malisiti a ku Ndirande,
ine n'kutembenuka kukamuyankha.

Panja mvula yayamba kubisa phiri la Soche.
Ndazimitsa getsi, ndakhoma chitseko.
Seva yokha ndaisiya m'maso.