Basela

Loweruka ena amakathera pa bawo,
ena amakasasa mawu ku mpira.
Ife atatu timakwera makwerero ofumbwa
a kansanja ka tchalitchi chathu ku Kawale:
ine, Sandalamu wowotcherera zitseko ku Mchesi,
ndi Elufe wa fomu fili,
amene mikono yake imatichititsa manyazi.
Palibe amatilipira.
Mayi a kunyumba akuti ndi misala ya ukalamba.

Belu lenileni ndi limodzi, la mng'alu pamlomo,
limalankhula ngati munthu wa chimfine.
Pambali pake Sandalamu anapachika limu ya lole
ndi silinda ya gasi yodula pakati.
Tikagwirizana bwino, njiwa zimabalalika,
akabaza amacheuka.
Tikaphonyana, agalu a m'dera lonse amatiuza.

Tsono kunabwera Novembala, dzuwa loswa mtengo,
mitambo ikungolonjeza.
Abusa anatipatsa pepala lochotsa m'kope:
maina makumi awiri ndi atatu,
otoledwa khomo ndi khomo mwa akhristu.
Wina anatsala ku Bama, wina ku Abisiniya,
awiri m'mbali mwa njanji ya ku Nakala,
womaliza anabwera m'bokosi kuchokera ku Kongo
mwana wake asanamere mano.
Dzina limodzi, belu kamodzi.
Limu ndi silinda zikhale chete lero.

Uko kuchipilala, pafupi ndi Kapitolo,
lipenga liyenera kuti linkalira,
nkhata za maluwa zikutsika m'magalimoto.
Kuno tinkangomva kondakitala:
tauni, tauni, mmodzi yekha tinyamuke.

Abusa akatchula pansi, ine ndikoke.
Yotamu. Ndikoke.
Kefasi. Ndidikire mawu azime kaye,
chifukwa munthu sumulankhula pakamwa.
Chingwe chinanyowa ndi thukuta.
Pofika dzina la khumi ndi chisanu
phewa linayamba kundikumbutsa zaka zanga.

Papepalapo panalibe Lufeyo,
malume awo a bambo anga.
Iye sanagwire mfuti, sanavale nsapato.
Anamutenga m'munda, khasu linatsala chiimire,
namusenzetsa bokosi la zipolopolo
ulendo wa kumpoto, kupitirira Karonga.
Mtengatenga.
Akuti kamwazi. Akuti njala.
Akuti anangokhala pansi m'mbali mwa njira
anzake n'kugawana katundu wake.
Nambala analibe,
ndiye amulembe ndani, amulembe pati?
Ngakhale ine nkhope yake sindiidziwa.
Ndimangodziwa kuti anali wamanzere
ndipo ankaopa achule.

Abusa anapinda pepala.
Anthu anayamba kusuntha mapazi, kufuna mabenchi.
Ine chingwe chili m'manja.
Ndinakoka ndi dzanja lamanzere.

Linalira mopotoka, mng'alu wonse poyera,
n'kudutsa pamwamba pa malata a dzimbiri,
pa mayi wootcha chimanga pamphambano,
mpaka kumtsinje wa Lilongwe kapena,
kumene achule akudikira mvula.

Elufe anandikoka malaya.
Agogo, mwasokoneza, akwana kale.
Ndinati ndi basela, mwanawe,
ngakhale wa tomato amaponyapo kamodzi.
Sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

Potsika anatsogola, kundigwirira makwerero,
ndipo tili pakati anafunsa osatembenuka:
dzina lake anali ndani?
Chaka chamawa ndidzakoka ndine,
phewa lanulo latha.