Werenganso

Mvula ya ku Kottayam siyang'ana wotchi.
Usiku umenewo inkagogoda malata a khonde
ngati munthu wodzatolera ngongole,
ine wophunzira wa chaka chachiwiri,
yunifomu mbee, mtima uli m'mwamba,
ndikuponda momwe aponda Sisitala Philomina.

Bedi lachitatu, mayi Sainaba, a shuga:
akutukwana khoma, thukuta lili kamukamu.
Ndinati, "Ndi ukalamba, usiku amatero."
Sisitala sanandiyankhe.
Anabaya chala, nawerenga, nasungunula shuga m'kapu.
Posakhalitsa mayiwo anabwerera m'maso mwawo
nafunsa amene wasuntha patapata wawo.

Pafupi ndi zenera panagona a Varghese awiri,
wina wa mtima, wina wa impso.
Jakisoni ali m'manja, dzina ndawerenga, ndi lomwelo.
Dzanja lawo linatera pa langa, osafinya.
"Funsa tsiku lobadwa.
Dzina ndi malaya, anthu amavala ofanana."
Ndinafunsa.
Sanali iwo.
Nkhongono zinandithera pomwepo.

Kenaka bedi la kumapeto.
Bambo Kunjumon, okama utomoni wa mphira,
masiku awiri chichokereni ku opaleshoni ya m'mimba.
Thupi silikutentha. Pepala lonse lili bwinobwino.
Koma Sisitala anaima, naimabe.
Masana bamboyu anaseketsa wodi yonse,
tsopano tiyi wazizira osakhudzidwa,
zala zikutolatola ulusi pa nsalu,
akufunsa mpeni wake, ati mitengo ikumudikira.

"Akupuma kangati?"
"Khumi ndi kasanu n'katatu."
"Wawerenga, kapena wakopera za dzulo?"
Malata okha ndiwo anayankha.
"Werenganso. Mphindi yathunthu, usadule."
Ndinayang'ana chifuwa chikukwera, chikutsika,
chikukweranso chisanatsike bwino:
makumi awiri ndi kasanu n'kamodzi.
Ananyamula thumba la mkodzo, naliyang'ana pa getsi,
timadzi tochepa, tofiirira ngati masamba a tiyi otsalira.
Anagwira mapazi. Ozizira.

Pa foni mawu awo sanakwere.
Anatchula dzina, zimene zasintha, chimene akuopa.
Dokotala Nambiar, tulo tili pakhosi:
"Koma manambala ali bwino, Sisitala."
"Lili bwino ndi pepala, Dokotala. Munthuyu ayi.
Ndikupempha mubwere tsopano, osati m'mawa."

Anabwera, ambulera ikudontha m'khonde monse.
Anagwira mimba ija kamodzi, tulo tonse balala.
Magazi ku labu, diripi ziwiri, mankhwala a mumtsempha,
matayala a bedi akulira kulowera ku fiyeta.
Ulusi wina unali utamasuka mkati,
ukudontha mwakachetechete
ngati denga lodontha kuseri kwa kabati.

Kutacha akhwangwala anadzaza pa mtengo wa kokonati.
Ndinayembekeza kuti Sisitala adzitama, kapena andikalipira.
Ankasamba m'manja, chala chimodzichimodzi,
monga achitira kambirimbiri pa tsiku.
"Madokotala ndawadzutsapo pachabe, osawerengeka.
Ena anandinyoza, ndinameza.
Kamodzi kokha ndinaopa kudzutsa munthu.
Anali mtsikana wa bedi lachiwiri, Leelamma.
Papita zaka makumi awiri ndi ziwiri."
Anatseka mpopi ndi chigongono.
Sanawonjezepo kanthu.

Ndinatenga fayilo ya bambo Kunjumon.
Nambala yanga yabodza ija sindinaifufute,
pakuti kuno sitifufuta:
ndinadula mzere umodzi, kuti iziwonekabe,
ndinalemba yoona pambali pake,
nthawi, ndi dzina langa lonse.

Patatha sabata anatuluka, atatsamira mwana wake,
akudandaula kuti mvula yamuwonongera utomoni.
Sanadziwe amene anawerenga mpweya wake usiku uja.
Ine mpaka lero, wotchi ikakhala pachifuwa,
mphindi imodzi imanditalikira,
ndipo ndimaidikira yonse.