Mpira Usanafike

Lachiwiri ndi Lachinayi, kuno ku Cerro,
mphepo ya kudoko ikamaluma makutu,
ndimaima kuseri kwa waya, manja m'thumba,
kuonerera mwana wanga akuphunzira kucheuka.

Chaka chatha mpira unkafika paphazi la Tabaré
ngati mlendo wa usiku wosatumiza mawu.
Ankauyang'ana, nawo n'kumamuyang'ana,
pomwe azidzutsa mutu
wa jezi yofiira wapita nawo kale.
Pobwerera, m'basi, sankayankhula.

Atilio, mphunzitsi wotsimphina uja,
sanamukalipire.
Anayala zitsekerero za mabotolo, kabwalo
kochepa ngati khitchini yanga,
n'kuponyamo ana asanu ndi awiri, mpira umodzi.
Kukhudza kawiri basi. Kenako kamodzi.
Iye n'kuzembera kumbuyo kwawo
atanyamula nsanza zitatu,
yachikasu, yobiriwira, yoyera.
"Mpira usanafike, unditchulire mtundu!"

Yachikasu! Wachedwa.
Yoyera! Wanama, inali yobiriwira.
Juni yense anatha choncho, Julayi yemwe,
mvula, matope, nsapato zosauma.
Wochapa nsanzazo ndinali ine, Lamlungu madzulo,
ndikudzifunsa ngati nsanza ingaphunzitse phazi.

"Phazi lilibe mlandu, mayi,"
anatero Atilio, atagwada, akumangira wina nsapato.
"Limangodikira maso, maso ndiwo amachedwa.
Mwana akaona chinthu kambirimbiri
tsiku lina saganizanso.
Amangokumbukira."

Lamlungu lapitali, pabwalo lafumbi la ku La Teja,
ndinawerenga ndekha:
khosi kumanzere, khosi kumanja, kumanzerenso,
mpira ukadali m'njira.
Utafika sanaupatse n'komwe mpando,
anangoukankha ndi kunja kwa phazi
kumpata komwe kunalibe munthu,
ndipo munthu anatulukira,
Maite, tsitsi lili petupetu.
Chigoli sichinalowe, unagunda chitsulo.
Koma ine mpweya ndisanakoke
mwana anali atasankha kale.

Usiku womwewo foni inalira, bambo ake, ku Paysandú.
Akuti kuli chipinda, kuli sukulu,
kuli bwalo la udzu weniweni.
Akuti mwana wakula, asankhe yekha.

Tabaré anakhala patebulo, supuni m'manja,
msuzi n'kuzizira.
Anacheukira foni.
Anacheukira ine.
Anacheukira nsanza zitatu zija
pachingwe, pamwamba pa mbaula, zikudontha.

Lero ndi Lachisanu.
Dzulo anapita kukasewera, akuti anali mphezi,
kukhudza kamodzi, kamodzi, kamodzi,
Atilio mpaka anavula chipewa.
Pobwerera, m'basi, sanayankhule.

Sindimufulumiza.
Mpira uwu sanauonepo kambirimbiri,
ukubwera pang'onopang'ono, wolemera,
ndipo kumbuyo kwake sikunaime munthu
womukwezera nsanza.