Zimene Sadalembe

Likangala adabwera usiku, osaodira.
Adatenga mpunga, mbuzi ziwiri,
ndi khasu lomwe ndidabwereka kwa Che Likoswe.
Adandisiyira mchenga wofika m'mawondo.

Patapita sabata a kuboma adafika pa Jali.
Mtsikana wa jombo zatsopano adafunsa,
"Maekala angati, bambo?"
Ndidaloza ndi chibwano.
Iye adalemba theka.

Ndalama, akuti, zibwera pafoni.
Ndiye ndinkalipira wotchaja
kuti kafoni kasafe ndi njala
ife tikugonera maungu opempha.

Mwezi wachinayi kadalira.
Abiti Ndembo adasiya kupeta madeya,
nandiyang'ana ngati ndabwera ku Joni.
Ejenti adanyowetsa chala, nawerenga kawiri.
Zidakwana thumba la chimanga, mchere, sopo,
ndi ya kabaza pobwerera.

Mnzanga Mwachande sadalandire.
Adamulemba Machande,
ndipo Machandeyo boma likumufunabe.

Madzulo ndidapita kumunda.
Ndidafukula ndi manja mpaka m'zigongono
kufuna dothi lakuda lija, la amayi anga.
Lilipo. Likununkhirabe.

Koma mawa ndikumana ndi Che Likoswe kumaliro,
ndipo khasu lawo
palibe adalilemba.