Chipsera cha Phiri

Anandilemba ntchito yolondera mitengo,
koma kuno kumtunda kwa Chowe
ndimalondera pamene mitengo inachoka.

Usiku umodzi, mvula ya Malichi,
phiri linasenda khungu lake.
Linagubuduza miyala yonga nkhokwe,
linazula mombo ndi msuku, mizu m'mwamba,
n'kusiya msewu wofiira wopanda woulambula.
Ena anati wadutsa Napolo.
Ine m'buku la boma ndinalemba: dothi lagumuka.

Chaka choyamba kunali zii.
Ngakhale linthumbu linkalambalala.

Woyamba kufika anali chisoso,
mlendo wosaodira,
atakwera pa sokosi zanga zomwe.
Kenako tsekera. Kenako ndere
zinayamba kuzira miyala,
mwaulesi, ngati waganyu wolandiriratu.

Mbira sizinapite ku ofesi kukapempha chilolezo.
Zinapeza mapanga pamene miyala inagundana mitu,
m'mawa zimandanda kuothera dzuwa,
kundiyang'ana ngati ndabwera kudzatolera msonkho.
Gulo pathanthwe amangogwedeza mutu,
kuvomera zimene sindinanene.
Chinkhoma ndinachiona kamodzi kokha,
chili njo! pa nsonga za ziboda,
pamalo poti ine ndingakwawe ndi maondo.

Anyani amadya nkhuyu kutsidya
n'kudzadzithandiza kuno.
Musaseke:
mkuyu wandifika m'chiunowu
unafesedwa motero.

Dzulo ndinapeza khwekhwe la waya wa buleki
panjira ya gwape.
Mfundo yake ndimaidziwa, ndi ya Che Ajusa,
amene munda wawo wa nandolo
uli pansi pa miyala yomweyi,
pamodzi ndi khasu, ndi mbuzi ziwiri.
Ndinalimasula, ndinalipinda, ndinaliika m'thumba.
Pa mzere wa dzina
cholembera changa chinakana.

Bwana akabwera ndi galimoto kuchokera ku Boma
amaima patali, nsapato zawo zoyera,
n'kufunsa kuti, “Kodi chapola?”

Ndiyankhe bwanji?
Nungu wasiyapo minga iwiri usiku wathawu.
Njuchi zalowa m'chitsa cha muwanga wakufa.
Bowa watumphuka pamene panali mthunzi kale.
Koma nkhungu ikatsika kuchokera ku Namwera
ndimagona khutu pamwala
ndi kumva madzi akuyenda pansi, osaoneka,
akung'ung'udza okhaokha.

Mbira nazonso zimamva.
Mphambe akagunda zimaleka kutafuna,
tonse maso kumtunda,
kumene mwala umodzi unatsala,
utapendekeka,
kachere wamng'ono ataukumbatira ndi mizu
yaing'ono kuposa zala zanga.