Dontho Lomaliza

M'galaja ya Orest ku Yorkton
chipale chofewa chaunjikana pakhomo, cholekeza m'mawondo.
Thiraki ya tirigu yaima pamwamba pa dzenje,
oyilo wakuda akutsikira m'beseni,
poyamba mkokomo, kenako kaulusi,
kenako dontho.

Marlys, wophunzira ntchito, bauti ili m'manja:
"Timange basi. Malita makumi anayi atsopano
angaope kapu imodzi yotsalira?
M'mapaipi umo mwabisala wina
amene simungamutulutse ngakhale mutagona pano."

Orest sakutsutsa. Akudziwa.
Wapukuta zala pa ovolosi, wayang'ana wotchi,
wayang'ananso kabowo.
"Mphindi khumi zina."

Dalaivala Tavish akupondaponda simenti,
khofi wake wazizira, ku Regina n'kutali,
ndipo dizilo sagulidwa ndi kudikira.

Chimene Marlys sakudziwa n'chakuti
kunyumba kwa Orest mpando wina ulibe mwini
chiyambire Okutobala,
ndipo mphindi khumi pansi pa injini yofunda
n'zopepuka kuposa mphindi khumi pa tebulo lija.

Dontho lagwa.
Lina likulendewera, likuganizabe.
"Manga," watero Orest,
maso ake akadali pomwepo.