Zimene Chiswe Chinasiya

Kiyi anali ndi a Dzonzi,
a Dzonzi anali kudimba.
Ndinadikira pakhonde la nyumba yakale ya mishoni
mpaka nkhungu ya Dedza inatsika phiri
n'kundilowa m'malaya,
kalata ya ku yunivesite ili m'manja,
zidindo zitatu, woiwerenga palibe.

Anabwera dzuwa litapendeka,
dothi la mbatatesi lili m'zikhadabo.
"Mwadzera mapepala?
Inu mumafika chiswe chitadya kale,
kudzafunsa za mkute."

Chitseko chinalira ngati mbuzi yapachingwe.
M'katimo makatoni a sopo, makatoni a shuga,
bokosi lachitsulo limene wina anabwera nalo ku Joni,
kaundula wa ubatizo, kaundula wa msonkho,
mabuku a milandu omanga ndi luzi,
fungo la mileme ndi mvula ya zaka zambiri.

Ku Zomba anandiphunzitsa kusamba m'manja,
kutchula shelefu, fayilo, tsamba.
Nanga ndilitchule bwanji tsamba ili
lomwe chiswe chinalambulapo msewu
wochoka pa dzina la munthu
kukathera pa mtengo wa ng'ombe?

Ndinkafuna Nasibeko, amene anabala agogo anga.
Kalaliki wa boma anamulemba kamodzi kokha:
mkazi wa Zakeyu, sanalipire.
Moyo wonse, mzere umodzi.

Tsiku lachitatu, pansi penipeni pa bokosi,
envelopu yobwezedwa kuchokera ku Halale, yomatabe.
A Dzonzi anaitsegula ndi mpeni wosendera mbatata.
Dzanja ndi la mphunzitsi, mawu ndi a mayi:

Denga likudontha cha kumutu.
Mwana wayamba kuyenda, akuponda ngati inu.
Mbuzi yaikazi ija ndagulitsa, musakwiye.
Ngati simubwera nenani,
ndileke kutchera khutu kunjira.

Pansi pake dzina palibe.
Chala chokha, chodinda mwamphamvu
mpaka inki inatulukira kuseri.

Sindikudziwa ngati ndi iyeyo.
Aphunzitsi anga adzafuna umboni,
koma umboniwo chiswe chinadyera limodzi ndi deti.
Ndinayandikitsa chala changa, osakhudza.
Mizere ya m'chala sinena mfunda.

Foni inali itazima, magetsi anathima dzulo,
choncho ndinakopera ndi pensulo m'kope langa,
liwu ndi liwu, zolakwika zomwe,
ine mlembi wachiwiri wa mayi ameneyu,
wochedwa kuposa woyamba.

A Dzonzi akuti anthu ena anabwera ndi makamera
chaka chimene mlatho unakokoloka,
nalonjeza galimoto yodzatenga zonsezi.
Akudikirabe.
Amathira phulusa m'mphepete mwa khoma,
amayala pulasitiki mitambo ikada,
Loweruka amatulutsa mabuku kuti aothe dzuwa
ngati odwala a m'chipatala.
Ndinafunsa za malipiro, anaseka:
"Ukwati wa amayi anga uli m'katoni ya shuga iyo.
Andilipire ndani?"

Potseka, loko anavuta.
Anamenya ndi mwala kawiri, kenako anatembenuka:
"Nanga bamboyo anabwera?"
Ndinati sizinalembedwe.
Anayang'ana kuphiri, kumene mapaini anali atasowa kale mu nkhungu.
"Mulawire mawa.
Kuseri kwa kabati kwatsala makatoni asanu ndi anayi,
ndipo chiswe sichigona."